Timitambo tiwiri tosauluka ndi mphepo: odziwa tiuzeni

Mlonda wa ku Matawale:
Moni nonse a pagulu pano. Ine ndimangowerenga zanu, kulemba sindilembalemba, koma lero ndili ndi funso. Ndimagwira ntchito ya ulonda, ndiye usiku ndimaudziwa bwino. Dzana madzulo kunagwa chizimalupsa chija, fumbi ndi utsi wa m'tchire zonse zinatsika, kumwamba kunayera mbee. Kenaka magetsi anathima dera lathu lonse, ndipo mwezi kunalibe. Cha m'ma 12 koloko ndinayang'ana kummwera, pakati pa mbali ya ku Blantyre ndi ya ku Mulanje, ndinaona timitambo tiwiri totuwa, kena kokulirapo, kena kakang'ono. Ndinati mwina ndi mitambo yotsalira ya mvula ija. Koma mphepo inkaomba, mitambo yeniyeni inkadutsa, timeneti ayi. Pofika 3 koloko tinali titasendera, koma tinasendera limodzi ndi nyenyezi zoyandikana nato. Dzulo ndinatifunanso, ndinatipeza, ngakhale kuti magetsi atayaka sitinkaoneka bwino. Zaka zonsezi ndakhala panja usiku, bwanji sindinationepo? Ndi chiyani chimenechi?

Nambewe:
Bambo, si utsi wa anthu ootcha makala umenewo? Masiku ano mbali zonse kukufuka.

Mlonda wa ku Matawale:
Ayi mayi, utsi ndimaudziwa. Utsi sungakhale malo amodzi usiku uwiri, komanso suyenda ndi nyenyezi.

Aphunzitsi a ku Songani:
Bambo a ku Matawale, maso anu ndi akuthwa, ndipo mwaonetsetsa monga mmene zimafunikira. Zimene mwaonazo si mitambo. Ndi magulu awiri a nyenyezi zochuluka zedi, otalikira kwambiri moti diso silingathe kulekanitsa nyenyezi imodzi ndi inzake, limangoona ngati ufa wotayika. M'mabuku amawatchula kuti mitambo ya Magellan, potengera dzina la woyendetsa zombo wa ku Portugal yemwe ananyamuka ulendo wozungulira dziko mu 1519. Koma iye sanali woyamba kuiona, anthu a kuno kummwera ankaiona kalekale iye asanabadwe.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kufike kuno. Kuwala kochokera ku mtambo waukuluwo kwayenda zaka pafupifupi 160,000, kwa waung'onowo pafupifupi 200,000. Ndiye chimene chinalowa m'maso mwanu dzana muli pampando wanu wa ulonda chinanyamuka kumeneko kalekale anthu asanayambe kulima. Anthu a ku Ulaya saiona mitambo imeneyi ali kwawo, mpaka atatsikira kuno.

Simunaionepo chifukwa cha zinthu zitatu: mababu a pageti, mwezi, ndi utsi wa Seputembala ndi Okutobala. Dzana zonse zitatu zinachoka tsiku limodzi.

Mlonda wa ku Matawale:
Zaka 160,000! Aphunzitsi, ndawerenga katatu. Zikomo kwambiri.

Msodzi wa ku Kachulu:
Ife panyanja timaiona kawirikawiri imeneyo. Ukagona pa chimbowera, kanyumba koyandama ka asodzi, pakati pa nyanja ya Chilwa kulibe babu ndi limodzi lomwe, nyenyezi zimatsika mpaka pamadzi, ndipo madzi akadekha umaziona kawiri, kumwamba ndi pansi. Miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, Mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni ngati msewu wa fumbi loyera, uli ndi madontho akuda mkati mwake. Anthu a m'tauni mukaufuna bwerani nthawi imeneyo. Ine sindinapite patali ndi sukulu koma nthawi ya usiku ndimaidziwa popanda wotchi. Nthanda ikatuluka kummawa ndimadziwa kuti yakwana nthawi yovuula, matemba afike padoko ogula asanabalalike.

Wachinyamata wa ku Chikanda:
Madala, funso pamenepo. Nthanda imene mukunenayo ndi yomwe ija imawala kwambiri madzulo kumadzulo? Chifukwa ine ndimaona imodzi yowala kwambiri dzuwa likangolowa, osati mmawa.

Msodzi wa ku Kachulu:
Ayi, zimenezo ndi ziwiri. Ya madzulo ndi ina, ya mbandakucha ndi ina. Akuluakulu ankati ndi akazi a mwezi. Wa kumadzulo amaudyetsa bwino, n'chifukwa chake mwezi ukakhala kumeneko umanenepa tsiku ndi tsiku. Wa kummawa amaumana, n'chifukwa chake ukafika kumeneko umaonda mpaka kufa.

Aphunzitsi a ku Songani:
Nthano imeneyo ndimaikonda, ndipo ili ndi choona mkati mwake: mwezi wongobadwa kumene umaonekadi kumadzulo ukukula, ndipo wotsala pang'ono kufa umaoneka kummawa ukuchepa. Anthu amene anaipeka ankayang'anitsitsa. Koma pa nkhani ya akazi awiriwo, achimwene a ku Kachulu, ndi mmodzi yemweyo. Ndi pulaneti lotchedwa Venus. Limazungulira dzuwa mkati mwa njira yathu, ndiye silitalikirana nalo dzuwa. Miyezi ingapo limatsatira dzuwa polowa, kenaka limasowa, kenaka limatsogolera dzuwa potuluka. Ulendo wonsewo umatenga masiku 584. Tayesani kukumbukira: munayamba mwaziona zonse ziwiri sabata imodzi, ina madzulo ina mmawa, zowala mofanana? Ndipo munayamba mwaiona Nthanda ili pamutu pakati pa usiku?

Msodzi wa ku Kachulu:
Pamutu ayi, sindinaionepo. Ndipo zoona, pali miyezi imene Nthanda imasowa mmawa, timangodalira atambala a pa chilumba cha Chisi. Koma kuti ndi imodzi, ndiyamba ndayang'anitsitsa ndekha chaka chino ndisanavomere.

Aphunzitsi a ku Songani:
Ndi mmene ziyenera kukhalira. Mudzatiuze. Chenjezo limodzi lokha: Jupiter, pulaneti lina, nayenso amawala kwambiri, ndipo iyeyo amafika pamutu, ndiye musamusokoneze ndi Nthanda.

Agogo a ku Domasi:
Andilembera ndi mdzukulu wanga, maso anga pafoni saona bwino. Ana inu mwandikumbutsa kutali. Ife tili atsikana, mwezi ukawala tinkavina chitelele pabwalo mpaka akulu atatikalipira, ndipo ukakhala mdima tinkakhala pamphasa kumvera nthano. Mayi anga ndi amene anandionetsa Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana ngati anapiye. Ankati ukaiona ikutuluka kummawa nthawi ya chakudya cha madzulo, mbewu ikhale pafupi, mizere ikhale itatha. Pambuyo pake pamabwera zitatu zondondozana zija, Akamwiniatsatana. Ankatiuza kuti ndi akamwini atatu akulowera kumunda kwa apongozi, wina kutsogolo wina pambuyo. Mayina amenewa ngakhale m'Baibulo lathu la Chichewa, m'buku la Yobu, alimo. Koma ndikafunsa zidzukulu zanga lero, palibe ndi mmodzi yemwe angandilozere Nsangwe. Amadziwa mayina a osewera mpira a ku England onse. Zimandiwawa ndithu.

Nambewe:
Agogo mwanena zoona. Ine ndemwe ndili ndi zaka 34 koma dzina lakuti Akamwiniatsatana ndalimva lero. Zitatuzo ndimaziona, koma sindinkadziwa kuti zili ndi dzina lathu.

Mlimi wa ku Thondwe:
Ndi ulemu wonse kwa agogo, ine pa nkhani yodzala ndi nyenyezi ndikana. Nsangwe imatuluka nthawi yomweyomweyo chaka chilichonse, kaya kuli mvula kaya kuli chilala. Chaka china ndinadzala ndi mvula yoyamba chifukwa choti nthawi yakwana, kunatsatira ng'amba ya masabata atatu, mbewu yonse inapserera m'nthaka, ndinakagulanso ina ndi ndalama yangongole. Masiku ano ndimamvera a zanyengo pawailesi ndipo ndimakumba kaye kuona ngati chinyontho chalowa. Tisawanamize achinyamata kuti nyenyezi imaitana mvula.

Agogo a ku Domasi:
Mwana wanga, sindinanene kuti imaitana mvula. Ndati inkatiuza kuti konzekani. Kalendala kunalibe m'nyumba mwathu. Kudzala tinkadikira mvula yolowa pansi ngati mmene ukuchitira iwemu.

Mlimi wa ku Thondwe:
Pamenepo ndamva, agogo, pepani. Ngati ndi kalendala ndiye tagwirizana. Ndipo ine kumwamba ndimayang'anako tsiku lililonse, koma masana. Miyezi ino mitambo ikayamba kutukumuka cha m'ma 10 koloko ngati thonje, pansi pake pali lathyathyathya, pamwamba ikukwera ngati chulu, ndimayang'ana mutu wake. Mutu ukaphwanyika n'kuyalika mbali imodzi, pansi n'kuda bii, ndiye kuti kwinakwake igwa masana omwewo. Ya chiperoni ndi ina, imabwera yotsika, yotuwa, yochokera kummwera chakummawa, imaphimba phiri masiku awiri atatu ndi kamvula kowaza. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepoyo imadzera. Imeneyo sudzalira, umangofuna juzi.

Che Mwenye wa ku Chinamwali:
Salaam, moni nonse. Ife kuyang'ana kumwamba sitinasiye, chifukwa mwezi wa Ramadan ndi tsiku la Eid timayambira pa kuoneka kwa mwezi watsopano. Dzuwa likangolowa anthu amaima poyera kufunafuna kachingwe kowala kaja kumadzulo, ndipo kamakhala mphindi zochepa kenaka kalowa. Kuno kwathu phiri limatitchinga mbali imeneyo, ndiye nthawi zambiri timamva kwa anzathu a madera ena. Funso langa kwa aphunzitsi: mwezi ukakhala wa masiku awiri kapena atatu, mbali yakuda ija imaoneka pang'ono, ngati mbale yotuwa yagwiridwa ndi kachingwe kowalako. Chimaunikira mbali imeneyo ndi chiyani, poti dzuwa silikufikako?

Aphunzitsi a ku Songani:
Ndi ife tomwe, Che Mwenye. Dziko lathu limawala likaombedwa ndi dzuwa, makamaka mitambo ndi nyanja. Kuwalako kumakagunda mwezi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, n'kubwereranso m'maso mwathu. Munthu ataima pamwezi nthawi imeneyo angaone dziko lathu lili lathunthu, likumuunikira ngati mmene mwezi wathunthu umatiunikira ife.

Ndipo poti a ku Thondwe atsegula nkhani ya masana, ndikupatseni ntchito yoti muchite ndi ana. Zomba ali pa madigiri 15 kummwera kwa ikweta. Chifukwa cha ichi, kawiri pachaka dzuwa limadutsa pamutu penipeni: cha pa 4 Novembala ndi cha pa 7 Febuluwale. Tsiku limenelo imikani botolo kapena ndowa pamalo osalala. Mu Novembala yang'anani cha m'ma 11:20 mmawa, osati 12 koloko, chifukwa dzuwa limafika pachimake msanga kuno. Mudzaona chithunzithunzi chikufupika, chikufupika, mpaka chitalowa pansi pa botolo. Mu Juni chithunzithunzi cha masana chimaloza kummwera, mu Disembala chimaloza kumpoto. Ana anga a Sitandade 7 amakuwa chaka chilichonse akaona zimenezi, ndipo sipafunika ndalama ngakhale 1 kwacha.

Mayi a pa Mpondabwino:
Eeh, n'chifukwa chake! Ine ndimagulitsa tomato, ndipo masabata amenewo ambulera imandikwanira bwinobwino masana, pomwe mu Juni ndimachita kuipendeketsa. Sindinkadziwa chifukwa chake.

Koma za masana zimene sindidzaiwala ndi kadamsana wa pa 21 Juni 2001. Linali Lachinayi, ndinali Fomu 2. Itadutsa 3 koloko kuwala kunasintha, kunakhala ngati kwa madzulo koma kosiyana, kofiirira mwachilendo, ndipo kunazizira mwadzidzidzi. Nkhuku zinayamba kulowera kukhola. Dzuwa linatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali pansi pa mtengo wa mango: timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tonse tinasanduka timiyezi tating'ono, mazanamazana, pabwalo ponse. Azakhali anga anadzitsekera m'nyumba akupemphera. Tinamva kuti ku Lusaka kunada kotheratu mpaka nyenyezi zinaoneka.

Wachinyamata wa ku Chikanda:
Ine ndinali ndisanabadwe. Wa pa 1 Seputembala 2016 ndiye ndinauona, tinkayang'anira m'beseni la madzi.

Namwino:
Ndilowererepo apa chifukwa ndi nkhani ya maso. Beseni la madzi si chitetezo, achimwene. Magalasi akuda a dzuwa si chitetezo, galasi lodetsedwa ndi mwaye si chitetezo. Kuwala kwa dzuwa kumaotcha mkati mwa diso popanda ululu, munthu amadzazindikira pambuyo pake kuti pakati pa chimene akuyang'ana pali kadontho kosaoneka, ndipo nthawi zina sikachoka. Njira yabwino ndi imene anena mayi a pa Mpondabwino: yang'anani pansi, osati kumwamba. Boolani kabowo kakang'ono pa katoni, dzuwa likhale kumsana kwanu, chithunzi chake chigwere papepala. Chonde ana muziwauza zimenezi. Kadamsana wa mwezi yekha ndi amene mungayang'ane mmene mungafunire, ngati uja wa pa 27 Julayi 2018 mwezi unafiira nthawi yoposa ola ndi theka.

Aphunzitsi a ku Songani:
Mwanena bwino anamwino. Ndipo mawu amenewa tidzawafuna pa 25 Novembala 2030 mmawa. Tsiku limenelo kudzada kotheratu mbali zina za Namibia, Botswana ndi South Africa, kuno tidzaona dzuwa litadyeka mbali imodzi, ngati mitambo idzatilole.

Nambewe:
Poti lero tikufunsa zonse, nanenso ndifunse chimene chinatisowetsa tulo kwathu. Tsiku lina cha m'ma 7 koloko madzulo tinaona nyali zambiri zitandondozana mzere umodzi, zikuyenda mwakachetechete, popanda phokoso la ndege, kenaka zinazimirira chimodzichimodzi pakati pa thambo. Anthu anayamba kunena za ufiti, ena mpaka kutchula mayina a nkhalamba za m'mudzi. Ine mtima unandipweteka chifukwa mmodzi mwa otchulidwawo ndi munthu wosauka wosalakwa.

Wachinyamata wa ku Chikanda:
Achemwali, amenewo ndi masetilaiti a Starlink, a intaneti aja. Amawaponya ambiri nthawi imodzi, ndiye masiku oyamba amayenda mondondozana asanabalalike. Alibe nyali, amangonyezimira ndi dzuwa chifukwa ali pamwamba pomwe dzuwa likadawala ife kuno kutada. Akalowa mu mthunzi wa dziko ndi pamene amazimirira. N'chifukwa chake amaoneka madzulo kapena mbandakucha basi. Palinso china chowala kwambiri chimene chimadutsa chokha mphindi zingapo, International Space Station, chili pa makilomita pafupifupi 400 ndipo mumakhala anthu. Ikani pulogalamu ya Stellarium pafoni, mukaloza kumwamba imakuuzani dzina la chimene mukuonacho. Mukawaonetse anthu a kwanuko, nkhalambazo zipume.

Nambewe:
Ndikawaonetsa ndithu, ndiyambira kwa amfumu.

Agogo a ku Domasi:
Uchite zimenezo mwana wanga. Ifenso kale nyenyezi ikathothoka tinkati kwinakwake kwafa munthu. Ndipo mu 1986 itabwera nyenyezi ya mchira ija anthu ananena zambiri, koma inadutsa, ife tilipobe.

Aphunzitsi a ku Songani:
Imeneyo inali ya Halley, agogo, idzabweranso mu 2061. Fumbi limene inasiya m'njira mwake timadutsamo chaka chilichonse kumayambiriro kwa Meyi. Pa 5 ndi 6 Meyi mbandakucha, nyenyezi zothothoka zimachuluka. Si nyenyezi zenizeni, ndi timiyala tating'ono ngati mchenga tikupsa mumlengalenga. Bambo a ku Matawale, inu amene mumakhala maso nthawi imeneyo mudzatiwerengere.

Wachinyamata wa ku Chikanda:
Bwanji tipangane tikwere phiri la Zomba tsiku lina tonse? Pa Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, umaona Chilwa ndi Mulanje yense. Mwezi wathunthu umatuluka nthawi imene dzuwa likulowa, ndiye tikhoza kuuona ukuvuuka mbali ya kunyanja. Kapena ku Chingwe's Hole, kumene umaona chigwa cha Shire dzuwa likamalowa.

Mlimi wa ku Thondwe:
Maganizo abwino, koma musankhe chimodzi. Mukafuna mwezi pitani uli wathunthu, mukafuna nyenyezi ndi timitambo ta a Matawale pitani uli mumdima. Ziwirizi siziyendera limodzi. Komanso kumwamba kuja ndi mamita oposa 2,000 pamalo ena, usiku kumazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo nkhungu ikatsika suona ngakhale phazi lako. Pamafunika munthu wodziwa njira ndi galimoto yobwerera. Si ulendo wongodzukira.

Mayi a pa Mpondabwino:
Nanga ife a ana aang'ono ndi agogo a ku Domasi tikwera bwanji? Ine ndikuti tiyambe ndi chapafupi. Bwalo la mpira lililonse lotalikirana ndi mababu likwanira. Aliyense abwere ndi mphasa ndi ana ake, agogo adzatilozere Nsangwe ndi pakamwa pawo, aphunzitsi adzatiuze za mitunda yawoyo. Kuphiri achinyamata mudzapite mu Juni kukayera.

Aphunzitsi a ku Songani:
Ndagwirizana nazo. Ndikapempha bwalo kwa akuluakulu a pasukulu. Ndili ndi mabainokyula amodzi, magalasi oonera patali aja, tidzasinthana. Mukadzaloza pa Nsangwe mudzaona kuti si 6 kapena 7 zokha zimene diso limawerenga, ndi zambirimbiri. Ndipo Jupiter akadzakhalapo, mutagwira manja osanjenjemera, mudzaona timadontho tina pambali pake, miyezi yake imene Galileo, wasayansi wa ku Italy, anaiona mu 1610. Matochi tidzazimitse tikafika, ndi mafoni omwe, chifukwa diso limafuna mphindi 20 kapena kuposerapo kuti lizolowere mdima. Mukangoyang'ana pa sikirini mwayambiranso.

Agogo a ku Domasi:
Mukanditenga ndibwera. Mudzandisungire mpando, pamphasa mawondo sandilola.

Mlonda wa ku Matawale:
Ndabweranso, abale. Pepani ndinasowa masiku angapo, mayunitsi anandithera. Loweruka ndinali pa ofu, ndiye ndinamudzutsa mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 5, cha m'ma 11 koloko usiku, tinayenda pang'ono kuseri kwa nyumba kumene kulibe babu. Poyamba ankati sakuona kanthu. Ndinamuuza kuti adikire monga ananenera aphunzitsi. Patapita nthawi anagwira dzanja langa n'kunena kuti, “Ababa, ndakaona kakang'onoko.” Kenaka anapeza yekha zitatu za agogo zija zikukwera kummawa, ndipo dzina lakuti Akamwiniatsatana analibwereza mpaka kukagona. Mmawa anakawauza amayi ake asanasukusule n'komwe.

Za botolo tachitanso lero. Ndinaliika pakhonde la simenti poyera, 11 koloko chithunzithunzi chinali kachidutswa, pofika 11:20 chinasowa. Anzake anayi a mwanayu analipo, wina anathamangira kwawo kukatenga ndowa kuti aone ngati nayonso itero.

Aphunzitsi, tsiku la kubwalo lija mulinene msanga kuti ndipemphe mnzanga tisinthane shifiti. Likhale la mdima, ndipo lisachedwe, chifukwa madzulo ano mitambo yayamba kale kuunjikana mbali ya ku Jali ndipo kukung'anima.